Mwafunsa, Tayankha: Tipite kuti, ndipo mwezi uti?

Funso: Ine ndi akazi anga takhala tikusunga ndalama kuti tikaoneko dziko tikapuma pa ntchito. Ana akuti tipite ku Dubai, anzathu akuti ku Zanzibar, ena akuti tiyambe ndi Livingstone. Tisankhe bwanji kuti ndalama zisapite pachabe? — Bambo wa ku Kapata, Chipata

Yankho: Bambo, yambani ndi kudziwa mwezi umene mudzanyamuke, malo abwere pambuyo. Ambiri amene amabwerako okhumudwa sanalakwitse malo, anangofikako nthawi yolakwika.

Mathithi a Mosi-oa-Tunya, ku Livingstone, ndi otambalala mamita 1,708. Mu Epulo ndi Meyi mtsinje wa Zambezi umakhala wodzaza, mkokomo umamveka kutali, koma nthunzi imachuluka moti phompho silioneka bwino ndipo mumanyowa thupi lonse. Foni ndi mapepala muziike m'pulasitiki. Mu Okutobala ndi Novembala mbali yathu ya Zambia imatsala miyala ndi timadzi tochepa, chifukwa madzi ambiri amagwera mbali ya Zimbabwe. Kwa inu opita koyamba, ife tikuti Juni kapena Julayi: madzi akadali ambiri ndipo mathithi amaoneka. Mukalinganiza ulendo ndi masiku amene mwezi uli wathunthu, mutha kuona utawaleza usiku.

Ku Zanzibar pewani Malichi mpaka Meyi, ndiyo nthawi ya mvula yaikulu. Njira imene simudzaiwala ndi ya sitima ya TAZARA, makilomita 1,860 kuchokera ku Kapiri Mposhi kukafika ku Dar es Salaam, kugona m'njira masiku awiri. Sitimayi imachedwa kawirikawiri ndipo masiku onyamukira amasintha, choncho funsani ku siteshoni musanachoke ku Chipata. Musagule tikiti ya boti kapena ya ndege ya tsiku limene mukuyembekeza kufika, siyani tsiku lathunthu pakati. Boti lopita ku chilumba limatenga pafupifupi maola awiri. Anthu ambiri kumeneko ndi Asilamu: m'tauni valani zophimba mapewa ndi maondo, ndipo pa Ramadan malo ambiri odyera amatseka masana.

Ku Dubai kumatentha kupitirira madigiri 40 kuyambira Juni mpaka Seputembala, ndiye mudzangokhala m'masitolo. Ngati mtima uli komweko, pitani pakati pa Novembala ndi Febuluwale, viza mutaipeza kale. Kulikonse kunja, pasipoti ikhale ndi miyezi 6 isanathe komanso masamba osadinda.

Funso: Tili ndi ana atatu, wamkulu wa zaka 14, wamng'ono wa zaka 6. Ndalama n'zochepa ndipo tili ndi masiku anayi okha. Kodi pafupi pano pali chimene anawa angadzakumbukire? — Mayi wa ku Katete

Yankho: Mayi, chilipo, ndipo alendo amawoloka nyanja kudzachiona. Mfuwe, pakhomo la South Luangwa National Park, ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 130 kuchokera ku Chipata. Nzika zimalipira zochepa pachipata kusiyana ndi alendo akunja, choncho musaiwale chiphaso chanu cha NRC.

Pitani pakati pa Juni ndi Seputembala. Udzu ukauma ndi madambo kuphwa, nyama zimasonkhana pafupi ndi mtsinje wa Luangwa ndipo zimaoneka mosavuta. Okutobala nyama zimachuluka koposa, koma kutentha kwa kuchigwa kungamvute mwana wa zaka 6. Nthawi ya mvula misewu yambiri ya mkati imatsekeka ndi matope.

Ndalama zanu zipite pa maulendo awiri a galimoto yotseguka yokhala ndi woperekeza wodziwa tchire: wina wa mbandakucha, wina woyamba madzulo n'kulowa usiku ndi nyali yowunikira. Wausikuwo musaudumphe, ndi pomwe nyalugwe amakonda kuoneka, ndipo galimoto ya inu eni siloledwa kuyenda m'paki kukada. Masana nyama zimabisala pamthunzi, kulipira ulendo nthawi imeneyo n'kutaya ndalama. Auzeni ana kuti nyamalikiti za mtundu wa Thornicroft zimapezeka m'chigwa cha Luangwa mokha, adzaziyang'ana ndi maso ena. Ulendo woyenda pansi, umene Norman Carr, katswiri wosamalira nyama zakutchire, anatchukitsa m'chigwachi, nthawi zambiri salola ana osakwana zaka 12, ndiye wamkuluyo angapite ndi bambo ake inu mutatsala ndi aang'ono.

Kuti muchepetse ndalama, gonani kunja kwa paki m'malo olola mahema ndi kudziphikira, ufa ndi ndiwo mugulire ku Chipata. Chakudya chisagone m'hema, makamaka zipatso, chifukwa njovu zimalondola fungo usiku. Tengani neti ndi mankhwala opaka othamangitsa udzudzu. Mwana akatentha thupi mutabwerako, thamangani naye kuchipatala akamuyeze malungo. Ndipo ana asayandikire m'mphepete mwa mtsinje ngakhale madzi ataoneka ochepa, muli ng'ona ndi mvuu.