Kwa aphunzitsi a ku Chadiza: ana 28, mipira iwiri ndi bwalo la netball

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wophunzitsa pasukulu ya pulayimale kumbali ya Chadiza. Akuti ahedi awapatsa udindo woyambitsa handball. Ana amene alembetsa ndi 28, anyamata ndi atsikana a zaka 11 mpaka 14, koma sukulu ili ndi mipira iwiri yokha ndi bwalo la netball lafumbi. Iwo anasewerako netball kukoleji, handball anangoionera pa YouTube. Chimene chawavuta n'chakuti akaika ana pamzere kuti aziponya pagolo mmodzimmodzi, pasanathe mphindi khumi ena amakhala atathawira kale pansi pa mtengo wa mango. Afuna kudziwa poyambira, ndi mmene angagawire tsiku limodzi la maphunziro.

Aphunzitsi, zikomo polemba. Vuto mwalitchula nokha, ndi mzerewo. Tiyeni tiwerengere limodzi. Mipira iwiri ndiye mizere iwiri ya ana 14. Kuponya kamodzi, kukatola mpira kuseri kwa golo ndi kubwera nawo, tinene kuti ndi masekondi 20. Mwana aliyense agwira mpira kamodzi pa mphindi pafupifupi zisanu, ndiye pa theka la ola waponya kasanu ndi kamodzi basi. Wothawira kumango uja sanalakwe, anabwera kudzasewera koma wapeza zodikira. Inenso nditangoyamba kuphunzitsa kuno ku Chipata ndinkachita chimodzimodzi, ndipo atsikana angapo amene anali ndi dzanja labwino anasiya kubwera mwezi usanathe. Mpaka lero zimandiwawa. Handball mwana amaiphunzira mpira uli m'manja, mdani ali patsogolo pake. Zonse zimene ndilembe apa zichokera pamenepo.

Choyamba, chulukitsani mipira. Ana athu onse adziwa kumanga chimpombwa. Auzeni kuti aliyense amange chake, koma chaching'ono cholimba, choti chigwirike ndi dzanja limodzi zala zitatambasuka. Mpira weniweni wa ana aang'ono, saizi 1, ukauyesa ndi chingwe mozungulira ndi masentimita 50 mpaka 52. Saizi 2, ya azimayi ndi anyamata a zaka 12 mpaka 16, ndi 54 mpaka 56. Dulani chingwe cha masentimita 50 chikhale muyeso wa onse. Wa netball musaugwiritse ntchito n'komwe, ngwaukulu, mwana adzazolowera kuukankha ndi manja awiri. Mudzati chimpombwa sichidunda. Kwa oyamba kumene zimenezo n'zabwino, chifukwa mwana wophunzira kudunditsa msanga amaweramitsa mutu osaonanso anzake. Mipira iwiri yeniyeni ija isungireni zoponya pagolo ndi masewera omaliza.

Bwalo lanu musalipeputse. Lenileni la handball ndi mamita 40 kutalika, 20 m'lifupi, pamene la netball ndi pafupifupi 30 ndi 15, koma lili ndi mphatso ziwiri. Linagawidwa kale patatu, ndiye muli ndi timabwalo titatu: asanu ndi asanu, asanu ndi asanu, anayi ndi anayi, ana 28 onse alowa, palibe wokhala pansi. Kachiwiri, theka la bwalo lozungulira la kugolo kwa netball lili pa mamita 4.9, ndipo kwa ana likwanira kukhala dera la goloboyi, mmene osewera ena saloledwa kupondamo, limene kwa akulu limakhala pa mamita 6. Golo ndi mamita atatu m'lifupi, awiri m'mwamba. Milongoti ya bulugamu ichita, koma ikumbireni mozama isamagwedezeke, chifukwa ana amakonda kulendewera pamtanda. Mtengo wa netball ngati uzuka, uzuleni. Ngati anauthira simenti, jambulani bwalo lina ndi phulusa m'mphepete mwa bwalo la mpira wamiyendo. Miyala ndi zitsa zitoledwe tsiku lililonse musanayambe.

Tsopano pamene pali ntchito yeniyeni. Kwathu kuno ukati mpira wamanja aliyense amamva netball, ndipo atsikana anu abwera ndi netball m'thupi. Zina ziwathandiza: adziwa kuwakha, adziwa kuzemba wowalonda, ndipo lamulo losasunga mpira kupitirira masekondi atatu alidziwa kale, ku handball liliponso. Koma pali zizolowezi zitatu zoti muchotse. Mtsikana wa netball akawakha mpira amaima nji, kuopa mluzu. Ku handball aloledwa masitepe atatu, adunditse, aponde enanso atatu, ndipo wowakha mpira ataima ndi wosavuta kumutsekera. China, amaponya kuchokera pachifuwa. Chachitatu, amaopa kuyandikira mdani, chifukwa ku netball wotchinga amaima patali pafupifupi mita imodzi. Anyamata nawo ali ndi zawo: onse amathamangira pamodzi pamene pali mpira ngati nkhuku pamadeya, ndipo mpira ukagwa amauimitsa ndi phazi, chonsecho kwa wosewera mkati kukhudza mpira ndi mwendo kunsi kwa bondo n'kulakwa.

Za kaponyedwe ndingonena zitatu, ndipo mwana musamuuze zoposa pamenepa. Chigongono chikwere kufika paphewa kapena kupitirira. Woponya ndi lamanja atsogoze phazi lamanzere. Mphamvu ichokere m'chiuno, thupi lipotoloke ngati akugenda mango. Ana akumudzi kugenda adziwa, mukatchula mango dzanja limakwera lokha. Aimikeni awiriawiri ndi chimpombwa chimodzi, koma asaime malo amodzi. Aziyenda kuchoka kumapeto kwa bwalo kufika kumapeto ena akupatsirana, wolandira atambasule manja patsogolo, awakhe akuthamanga, aponde katatu, apereke. Pa mphindi khumi mwana wagwira mpira kangapo kuposa mmene akanagwirira sabata yonse pamzere. Apa ndionjezepo kanthu: mukapeza wamanzere, musamusinthe dzanja. Ameneyo ndi chuma, chifukwa wosewera mbali ya kumanja kwa bwalo amaliona bwino golo akamaponya ndi lamanzere, ndipo makochi kulikonse amawasakasaka.

Sewero limene ndimalidalira kuposa onse ndi la mapasi khumi. M'kabwalo kalikonse matimu awiri, golo palibe. Timu ikapatsirana kakhumi mdani asanaugwire, yapeza chigoli. Mpira ukagwa pansi kapena ukalandidwa, kuwerenga kuyamba kwa enawo. Likuoneka lachibwana, koma mmenemo muli handball yonse: kuzemba, kuyang'ana, kupereka msanga, kulonda munthu wako. Akalizolowera, likhwimitseni. Letsani kubwezera amene wakupatsa, ndipo mudzaona wachitatu ayamba kudzifunira malo. Tsiku lina lamulani kuti wopereka mpira athamange kukagunda mzere wa m'mbali asanalandirenso. Tsiku lina chigoli chisawerengedwe pokhapokha aliyense m'timu waugwira, chifukwa popanda lamulo limeneli anyamata akuluakulu awiri amangopatsirana okha, kamtsikana kamanyazi kaja n'kumangothamanga chabe. Inu musamaimitse sewero kawirikawiri. Imitsani kamodzi, funsani kuti malo opanda munthu ali kuti, aloze okha, mupitirize.

Akafika poponya pagolo, asaponye pagolo lopanda womutchinga. Ikani awiri kulimbana ndi mmodzi, kuyambira pakati pa bwalo. Wokhala ndi mpira alunjike pampata ngati akufuna kugoletsa yekha. Wotchinga akamutsata, apereke kwa mnzake. Akapanda kumutsata, aponye. Chisankho chimenechi ndicho mtima wa masewerawa, ndipo palibe mzere umene ungachiphunzitse. Magolo ali awiri, mipira ili iwiri, ndiye magulu awiri agwira ntchito pamene lachitatu likupitiriza mapasi khumi pakati, kenako musinthanitse. Kuponya modumpha kubwere pambuyo pake: wa dzanja lamanja aponde lamanzere, lamanja, lamanzere, adumphire lamanzerelo, bondo lamanja likwere. Aloledwa kutera mkati mwa dera la goloboyi malinga mpira wachoka m'manja asanatere. Jambulani mizere iwiri ya phulusa, muwauze kuti ndi mtsinje, aponye ali pamwamba pa madzi. Zodziponya pansi zimene mwaona pa YouTube zisiyeni, amenewo ali pabwalo losalala la m'nyumba, ana anu pafumbi louma adzasupuka ziuno ndi zigongono.

Pa YouTube pomwepo mwaonanso otchinga asanu ndi mmodzi atandanda pamzere wa dera la goloboyi ngati mpanda. Imeneyo amati 6-0, ndipo kwa ana ndimaikana. Imapambanitsa masewera a msanga chifukwa ana alibe mphamvu zoponyera patali, koma mwana amakula osadziwa kuyendetsa miyendo kapena kulanda mpira. Chaka choyamba aliyense akhale ndi munthu wake bwalo lonse. Aphunzitseni kuima pakati pa mdani ndi golo, kukumana naye chamaso, manja opinda, dzanja limodzi kumbali ya mpira. Kukankha, kukoka malaya, kugwira kumbuyo kapena kukoka dzanja loponya, amatha kutulutsa kwa mphindi ziwiri. Yambani kutulutsa ngakhale pamaphunziro, azolowere.

Goloboyi asakhale mwana amene walephera kwina konse. Miyezi yoyamba onse azilowamo mosinthana, ndipo wolimba mtima adzadzionetsa yekha. Mangirirani mabotolo apulasitiki m'makona a golo kuti oponya azolowere kulasa m'makona. Kuyambira 2022 malamulo amalanga ndi mphindi ziwiri wosewera amene wamenya goloboyi kumutu pamene palibe womutchinga, ndipo kwa ana ine ndimakhwimitsa kuposa pamenepo, chifukwa mwana womenyedwa kumaso kamodzi sabwereranso pagolo.

Tsiku ligaweni chonchi, kawiri pasabata, Lachiwiri ndi Lachinayi, ola limodzi ndi mphindi 15. Mphindi khumi zothamangitsana ndi kuzunguza mapewa, m'malo mozungulira bwalo kopanda mpira. Mphindi 15 awiriawiri, 15 mapasi khumi, 15 awiri kulimbana ndi mmodzi, ndipo 20 zomaliza sewero lenileni, anayi ndi goloboyi mbali iliyonse, matimu akusinthana pa mphindi zinayi. Za asanu ndi awiri mbali imodzi, monga amasewerera akulu, zidikire kaye, bwalo lanu ndi laling'ono. Sewero lomalizali musalidule ngakhale zina zitachedwa, ndilo limawabweretsa Lachinayi. Dzuwa la Okutobala mulidziwa, yambani cha m'ma 16 koloko ndipo aliyense abwere ndi botolo la madzi. Mu Juni kumada msanga, ganizirani amene amayenda mtunda wautali kubwerera kwawo, makamaka atsikana.

Mukapeza mabando, aonetseni atsikana timu ya azimayi ya Angola, imene yatenga chikho cha Africa kambiri kuposa dziko lina lililonse, ndipo anyamata aone Egypt, imene inathera pa nambala 4 ku Olimpiki ya ku Tokyo mu 2021. Auzeni asayang'ane mpira, asankhe wosewera mmodzi wopanda mpira aone mmene akuyendera. Lemberaninso a Handball Association of Zambia ku Lusaka, muwafunse za maphunziro a makochi ndi buku la malamulo, kalatayo ahedi asainire.

Ndikupemphani chinthu chimodzi, aphunzitsi. Lachiwiri likubwerali sankhani mwana wofatsa kwambiri pagulu lonse, musamuuze. Ikani timiyala m'thumba limodzi, ndipo nthawi iliyonse akagwira mpira musamutsire kamwala kamodzi kuthumba lina. Pomaliza muwerenge, mundilembere nambalayo, ndipo mundiuzenso ngati mtengo wa netball uja unazuka, kuti ndikujambulireni bwalo loyenera malo anuwo.