Yankho pa funso la banja la John Shelton wa ku Hanover

Mwafunsa ngati John Shelton, amene anali ndi nyumba ya alendo ndi yogulitsiramo mowa ku Hanover, m'dera la Virginia ku America pa nthawi ya ulamuliro wa Angerezi, ndi yemweyo amene anali mpongozi wa Patrick Henry, mmodzi mwa atsogoleri amene anamenyera ufulu wa dziko la America. Inde, ndi yemweyo.

Shelton anali mwini munda wa Rural Plains, ndipo mkazi wake, Eleanor, anali mwana wa William Parks, wosindikiza mabuku wa ku Williamsburg amene anayambitsa nyuzipepala ya Virginia Gazette mu 1736. Mwana wawo wamkazi, Sarah, anakwatiwa ndi Patrick Henry mu 1754, ndipo bamboyo anapatsa banja latsopanolo munda wa Pine Slash wa maekala 300 pamodzi ndi akapolo asanu ndi mmodzi, mfundo imene olemba mbiri ya mabanja sayenera kuidumpha, chifukwa chuma cha banjalo chinadalira ntchito ya anthu amenewa.

Ulimi sunamuyendere bwino Henry, ndipo nyumba yawo itapsa ndi moto mu 1757, iye ndi mkazi wake anasamukira ku nyumba ya alendo ya mpongozi wake, imene inali moyang'anana ndi khoti la Hanover. Kumeneko ankathandiza kulandira alendo, kufikira atayamba ntchito ya uloya mu 1760, ndipo mu 1763 anatchuka m'khoti lomwelo pa mlandu wokhudza malipiro a abusa a mpingo.

Pofufuza, musamale ndi chinthu chimodzi: nyumba ya alendo ya Hanover Tavern imene ilipo lero si ija ya m'nthawi ya Shelton, popeza mbali yake yakale kwambiri inamangidwa cha m'ma 1791.