Mwasintha ekizozi, njinga yayamba kuombera: kabureta muipange bwanji?

Achimwene ena a kabaza ku Area 25 anditumizira imelo sabata yathayi, akuti anachotsa ekizozi yomwe inabwera ndi njinga yawo yamoto ya 150cc nkuikapo yaifupi ija yopanda zotchinga mkati, ndiye pano akangobweza moto njinga ikumaombera pha pha pha, injini ikutentha kwambiri, pa mtunda ikumakhala ngati yatsamwa. Makaniko wina wawauza kuti aboole jeti, kachitsulo ka bowo komwe petulo amadutsira mu kabureta, ndi kawaya, ndiye akufunsa ngati apange zimenezo.

Achimwene, chonde musaboole. Bowo la jeti ndi laling'ono zedi moti jeti za saizi 100 ndi 102 simungazisiyanitse ndi maso, mukalowetsamo waya simudziwanso kuti muli pa saizi yanji ndipo kubwerera kulibe.

Chomwe chachitika nchakuti utsi ukutuluka mosavuta kuposa kale, injini ikukoka mpweya wambiri koma kabureta ikuperekabe petulo yemwe uja wa kale. Petulo wachepa, mpweya wachuluka. Njinga zathuzi zilibe radiator, zimazizira ndi mphepo basi, ndiye zikaperewera petulo zimatentha koopsa. Komanso petulo wa kuno amasakaniza ndi ethanol wa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ethanol amafunika wochulukirapo kuti akwane mpweya womwewo, choncho munayamba kale muli m'malire. Ine ndinatsegulapo injini ya mnyamata wina yemwe anayenda chonchi miyezi ingapo akunyamula anthu awiriawiri, valavu ya ekizozi inali itadyeka m'mbali ngati yalumidwa ndi khoswe, pulagi yoyera mbee ngati choko. Zinandiwawa chifukwa njingayo inali ya ngongole.

Koma musanakhudze kabureta yang'anani kaye pomwe ekizozi yalumikizana ndi injini. Pali kagasiketi kozungulira pamenepo, ambiri amabwezeretsa kakale komwe kanaphwanyika kale kapena kuiwaliratu. Lizani njinga injini isanatenthe, yandikitsani dzanja, mukamva kampweya kakupuma kapena mukaona mwaye wakuda pa mabawuti ndiye kuombera kuja mwina kukuchokera pomwepo, si kabureta ayi. Labala yolumikiza kabureta ndi injini muionenso ngati sinang'ambike, ndipo sefa ya mpweya ikhale yoyera, ili m'malo mwake.

Zonsezo zikakhala bwino, pitani pa kasikuluwu ka mixture, kosinthira kasakanizidwe ka petulo ndi mpweya, injini itatentha. Apa mpomwe anthu amasokoneza. Kakakhala mbali ya injini, ngati pa kabureta ya PZ27 yomwe ili pa njinga zambiri za mtundu wa CG, ndi ka petulo, kukamasula ndiye kuonjezera petulo. Kakakhala mbali ya sefa ndi ka mpweya, zimatembenuka, kumanga ndiye kuonjezera petulo. Kamangeni pang'onopang'ono mpaka kagunde uku mukuwerenga kuti mudziwe pomwe kanali, osalimbitsa, nsonga yake imathyoka. Bwererani pomwe kanali, kenako muzisuntha kota kota nkumadikira pang'ono, kumvetsera pomwe injini ikulira mokweza komanso mosadukiza. Ka petulo mukakamasula kupitirira kuzungulira katatu zisanakhale bwino ndiye kuti pilot jet, jeti yaing'ono ya moto wochepa, yachepa, gulani yotsatira.

Kasikuluwuko kamathandiza pa moto wochepa pokha. Pakatikati, kuyambira kota mpaka makota atatu a throttle, chogwirira chopatsira moto chija, pamene inu a kabaza mumayendera tsiku lonse, ndi ntchito ya singano. Tsegulani chivundikiro cha pamwamba pa kabureta, solani slide, kachitsulo komwe kamakwera mukapatsa moto, muona singano ili ndi timizere nthawi zambiri 5 ndi kakilipu. Tsitsani kilipu mzere umodzi kulowera ku nsonga, singano ikwera, petulo achuluka. Njinga zambiri zimachira pomwepa osagula kanthu. Kakilipuko kamadumpha, chotserani m'kati mwa jumbo.

Main jet ndi ya moto wonse. Nambala yalembedwa pa jeti pomwepo, ngati muli ndi 98 yesani 100 kapena 102, osalumphira ku 115. Musinthe chinthu chimodzi, kayeseni, kenako china, mukasintha zonse nthawi imodzi simudziwa chomwe chathandiza. Poyesa pezani msewu wowongoka wopanda anthu, thamangani ndi moto wonse kwa kanthawi, gwirani kilachi nkuzimitsa pompo osailola ilire yokha, muchotse pulagi. Ikhale ngati tiyi wamkaka. Yoyera ndiye petulo akuchepabe, yakuda mwaye petulo wachulukitsa ndipo muziona m'thumba madzulo.

China, Lilongwe ili pamwamba mamita oposa 1,000, mukatsikira ku Salima kapena ku Chikwawa mpweya umakhala wothinana, njinga yomwe ili m'malire kuno kumeneko iperewera petulo kwambiri. Ngati mumayenda maulendo amenewo isiyeni yopendekera ku petulo wochuluka pang'ono.

Ekizozi yakale ija musagulitse. Pa 150 mphamvu yoonjezera ndi yochepa kwambiri, chambiri ndi phokoso, ndiye ngati majeti a saizi yoyenera akusowa m'mashopu bwezeretsani yakaleyo kaye mpaka muwapeze. Mukayesa munditumizire chithunzi cha pulagi ndi nambala ya jeti yomwe mwapezamo.