Kwa achemwali amene mwafunsa za kuseka kwa anamwino akale

Achemwali, mwati mwangoyamba kumene ntchito mu wodi, ndipo zikukudabwitsani kuti anamwino amene mwawapeza amatha kuseka ngakhale tsiku limene mwataya wodwala. Mwatinso mukafunsa kanthu amayang'anizana n'kuyamba kukusekani, ndiye mukufuna kudziwa ngati muyenera kungozolowera. Ine ndakhalitsa pa ntchito imeneyi, ndipo ndikuona kuti mwaphatikiza zinthu ziwiri zosiyana. Choyambacho mudzachimvetsa pakapita nthawi, mwinanso mudzayamba kuchichita nokha. Chachiwiricho musachizolowere ngakhale pang'ono.

Taganizani kuti ndi cha m'ma 3 koloko usiku. Mwakhala mukupopa pachifuwa cha munthu, kusinthana pa mphindi ziwiri zilizonse monga tinaphunzirira, mikono yalema, koma zakanika. Mwamutseka maso, mwachotsa diripu, mwamufunditsa bwinobwino, mwalankhula ndi abale ake. Mukalowa m'kachipinda ka anamwino, wina n'kunena kuti pa chipwirikiti chonsecho cholembera chake chasowanso, ndipo akudziwa thumba la dokotala limene chalowa. Nonse n'kufa nacho chiseko mpaka misozi. Munthu wongodutsa angati anthu awa alibe mtima. Komatu palibe amene akuseka malemuwo. Thupi lakhala pa mpanipani, mtima ukugundabe mwamphamvu chifukwa cha adrenaline, michere imene thupi limatulutsa likakhala pa mpanipani, ndipo pabedi lotsatira pali wina amene akudikira jakisoni wake, amene akufunika manja osanjenjemera. Chiseko chija ndicho chimamasula munthu kuti abwerere pa mzere. Sigmund Freud, katswiri wa za maganizo a anthu, analemba za nthabwala zamtunduwu mu 1927, kuti munthu amaseka pokana kugonja ku zowawa zimene zamugwera. Ambiri mwa amene mumawaona akuseka amalira ndithu, kungoti amalirira kumbali.

Koma nthabwala zimenezi zili ndi malire ake. Zithere m'kachipinda komweko, chitseko chili chotseka. Katani ya pabedi siletsa mawu kudutsa, ndipo wodwala amene wakomoka kapena amene watsala pang'ono kutisiya akhoza kumamva zonse. Kuseka thupi la wodwala, fungo la bala lake kapena mmene akubuulira ndi kunyoza basi, kaya wonenayo wagwira ntchito zaka zingati. Zoika nkhani kapena zithunzi za odwala pa WhatsApp ndi pa Facebook kuti anzathu aseke nazo ndiye ayi, ndi kuulula chinsinsi cha wodwala, ndipo munthu akhoza kulandidwa nazo chiphaso cha ntchito.

Tsono pa zokusekani inu mukafunsa, apa ndi pamene mtima wanga ukuwawa. Vutoli ndi lakale, ndipo lili m'maiko ambiri. Mu 1986 mphunzitsi wa unamwino wa ku America, Judith Meissner, anafunsa poyera ngati anamwino sitikudya ana athu omwe, ndipo mawu amenewa akugwiritsidwabe ntchito mpaka lero chifukwa khalidwelo silinathe. Ena amati kusekedwa kumalimbitsa munthu. Ine zimene ndaona n'zakuti kumamutseka pakamwa. Namwino watsopano waima pa tirole ya mankhwala, fayilo ili m'manja, dokotala walemba insulin, mankhwala a matenda a shuga, "10U" mwa changu, ndipo U ija, imene ikuimira mayunitsi, ikuoneka ngati ziro. Ndi 10 kapena 100? Akweza maso kuyang'ana asisita, n'kukumbukira mmene anamusekera dzulo pamaso pa ophunzira, n'kubweza maso pa pepala. Mphindi imeneyo moyo wa munthu uli pa chiswe. Chimodzimodzi ndi mankhwala a potassium chloride, amene sabayidwa mwachindunji mu mtsempha osasungunula chifukwa amaimitsa mtima. Wodi imene anthu amaopa kufunsa ndi wodi yoopsa, ngakhale itadzaza ndi akatswiri.

Kusadziwa kwanu panopa si chinthu chochititsa manyazi. Patricia Benner, katswiri wa unamwino wa ku America, atafufuza mmene anamwino amakulira pa ntchito, anafotokoza mu 1984 kuti pali makwerero asanu kuchokera pa wongoyamba kufika pa katswiri, ndipo kufika pa khwerero lachitatu lokha, pamene munthu amayendetsa ntchito modzidalira, kumatenga zaka ziwiri kapena zitatu ali pa ntchito ya mtundu umodzi. Asisita amene amangoyang'ana wodwala ali pakhomo n'kunena kuti uyu sali bwino, BP isanayezedwe n'komwe, anayamba ngati inu. Diso limenelo silipezeka m'kalasi, ndipo n'chifukwa chake mukuwafuna anthu amenewa. Nawonso akukufunani. Amene anaphunzira kale ankapopa pachifuwa ka 15 n'kupereka mpweya kawiri, koma mu 2005 malangizo anasintha kukhala ka 30 ndi kawiri. Zosintha zotere nthawi zambiri zimalowa mu wodi ndi anthu ongochoka kumene kusukulu.

Si kuseka konse kumene kuli koipa ayi. Pali kuseleulana kumene kumasonyeza kuti akulandirani. Mwalephera kawiri kulowetsa kanula, kachubu kolowetsa mu mtsempha, asisita n'kuseka kuti mtsempha wakuonani kuti ndinu mlendo ndiye wabisala, kenaka n'kuvala magolovesi, kukugwirani dzanja n'kukuuzani kuti musadalire maso, fufuzani ndi chala, kokani khungu pang'ono, tsitsani singano. Ameneyo ndi mnzanu. Yang'anani zimene munthu amachita akamaliza kuseka. Akadzuka kudzakuonetsani, sekani naye limodzi. Akakhala pampando n'kukusiyani muvutike, kenaka n'kukafotokozera a shifiti ina nthawi yopereka lipoti, kapena akamakupatsani dala odwala ovuta okhaokha, kapena kukubisirani mfundo za wodwala kuti mulakwitse, imeneyo ndi nkhanza. Zoti anthu ndi ochepa pa ntchito ndipo atopa n'zoona, ndipo zimachititsa ena kupsa mtima msanga, koma kutopa sikupatsa munthu ufulu wochititsa mnzake manyazi.

Ndiye muchite izi. Musasiye kufunsa, makamaka pa mankhwala, ngakhale aseke. Amene amakusekani kawirikawiri mumupeze pa awiri, osati pamaso pa odwala, n'kumuuza mwaulemu kuti, "Asisita, ndimafunsa chifukwa sindikufuna kulakwitsa pa wodwala, ndikupempha muzindionetsa." Ena sadziwa n'komwe kuti mawu awo akubaya, ndipo amasintha akauzidwa. Mupezenso mmodzi mwa akalewo amene ali ndi mtima wophunzitsa, sasowa mu wodi iliyonse, mum'mamatire ameneyo. Zikapitirira, muzilemba tsiku, nthawi, zimene zinanenedwa ndi amene analipo, ndipo mupite nazo kwa in-charge, mkulu wa wodi. Ngati vutolo ndi in-charge yemweyo, pitani kwa ametironi, ndipo muwafotokozere momveka kuti khalidweli likukulepheretsani kufunsa pa nkhani ya chisamaliro cha odwala, chifukwa dandaulo lotero sangalinyalanyaze mosavuta.