Ndikufuna uloya wa milandu ya mabanja, ndiyambire pati?

FUNSO: Anti zikomo, ndine mtsikana wa zaka 18, ndangolemba kumene mayeso a fomu 4. Makolo anga anasiyana ndili sitandade 7, bambo anatsala ndi nyumba ndi zonse mpaka mapoto, mayi anabwerera kwawo ndi chikwama chimodzi chonsecho njerwa za nyumbayo anaumba ndi iwowo. Ndikufuna ndidzakhale loya wa milandu ya mabanja ndidzawakhaulitse azibambo oterewa. Koma anthu akuti ntchito imeneyi ndi yopasula mabanja komanso mulibe ndalama. Zoona zimenezi? Ndiyambire pati?
Mtsikana wa ku Balaka

YANKHO: Mwana wanga, za mayi akozo zandikhudza, pepa. Tiyambe ndi za sukulu zili zachidulezi. Njira yodziwika ndi ya ku UNIMA ku Zomba, ife timangoti Chanco, ndipo kwa zaka zambiri uloya sumaulowa molunjika kuchokera ku fomu 4 ayi, umayamba kaye kosi ina, ukakhoza bwino ndiye umapikisana nawo malo, kenako zaka 4 za digiri. Palinso sukulu ya Malawi Institute of Legal Education (MILE) yomwe imaphunzitsa anthu a digiri ya malamulo asanayambe ntchito. Ukavomerezedwa ku High Court umakhala membala wa Malawi Law Society ndipo laisensi umaikonzanso chaka ndi chaka. Chizungu chigwire zolimba chifukwa ntchitoyi ndi kuwerenga ndi kulemba basi, koma Chichewa usachitaye, amene adzakhale pampando patsogolo pakowo sadzalira m'Chizungu.

Tsopano apa wati "ndidzawakhaulitse" apa ndi pamene ndikufuna tikhalepo pang'ono. Loya sasankha kuti azingoimira azimayi okhaokha, tsiku lina adzakulowera mu ofesi ndi bambo amene mkazi wake wathawa ndi ana ndipo sanawaone miyezi 8, akulira ngati mwana, iweyo ukadzamuona ngati bambo ako ndiye kuti wamulakwira asanayambe n'kulankhula komwe. Ndipo khoti silimva mkwiyo, limamva umboni. Mayi amabwera ndi jumbo yodzadza mapepala, malisiti a simenti ofufutika, kope la banki m'khonde, mauthenga a pa WhatsApp, iwe n'kukhala naye maola awiri mukusanja kuti malata anagula ndani, poloti ili m'dzina la ndani, ndalama za mandasi zija zinalowa pati. Ntchito yake ndi imeneyo, zokuwa m'khoti zija ndi za m'mafilimu.

Malamulo alipo abwino ndithu, vuto ambiri sawadziwa. Ndime 24 ya Konsitityushoni imati banja likatha mkazi ali ndi ufulu wogawiridwa mwachilungamo katundu amene anali wa onse awiri, komanso wolandira chithandizo. Lamulo la maukwati la 2015 limavomereza ukwati wa kwa DC, wa kutchalitchi kapena kumzikiti, wa chinkhoswe, ngakhalenso anthu ongolowana amene akhala limodzi zaka zosachepera 5 khoti likhoza kunena kuti linali banja. Ndiye zoti "sitinadalitse ndiye ulibe chako" zija ndi zoopsezana chabe. Za chithandizo cha ana zili m'lamulo la ana la 2010, za nkhanza za m'banja la 2006, za chuma cha masiye la 2011 lomwe limati kulanda katundu wa masiye ndi mlandu. Ndipo miyambo uyenera kuidziwa, mabanja ambiri a chinkhoswe amathera ku khoti la majisitireti, ankhoswe amaitanidwa, kwa achikamwini nkhani yoti mwamuna anam'mangira mkazi nyumba kwawo kapena ayi imatuluka ndithu, pomwe kumpoto ukumana ndi za lobola. High Court nayo ili ndi nthambi yake yoona za mabanja ndi chuma cha masiye.

Zopasula mabanjazo ayi. Munthu akamafika kwa loya ndiye kuti ankhoswe akanika, abusa akanika, mwinanso ku Victim Support kupolisi apitako kangapo, banja linatha kalekale kwatsala n'kugawana. Loya wabwino amayesetsa kuti anthu agwirizane panja, fizi ya ana alipira ndani, holide akakhala kwa ndani, osati kukokana zaka zitatu mpaka ndalama yonse ya nyumbayo kuthera kwa maloya. Ena amabwereranadi, iwe wavutika kulemba mapepala usiku wonse m'mawa n'kukuimbira kuti "aloya tagwirizana, zisiyeni", uzingoseka basi.

Za ndalama sindikunamiza, amene amafuna thandizo kwambiri pa milandu imeneyi ndi amene alibe, ena azikupatsa pang'onopang'ono pa Mpamba ena kungosowa. N'chifukwa chake maloya ambiri kuno sadalira mabanja okha, amaphatikiza za malo, za ngozi zapamsewu, za makampani. Ngati mtima wako uli pa anthu ngati mayi ako yang'ana ku Legal Aid Bureau, boma limakulipira iwe n'kumaimira osauka, kungoti mafayilo ake ndi phiri, kapena mabungwe ngati WLSA, lomwe limaona za amayi ndi malamulo. Ndipo konzekera kutopa mumtima, foni imalira 11 koloko usiku munthu atatsekeredwa panja ndi ana, mlandu umaimitsidwa kachisanu kasitomala atagulitsa mbuzi kuti apeze thiransipoti.

Pamene ukudikira zotsatiramu, pita ku khoti la majisitireti kwanuko m'mawa, milandu yambiri munthu amaloledwa kulowa n'kukhala kumbuyo, ya ana yokha ndi imene amatseka chitseko. Ukakhale sabata yonse, uvale bwino, foni uzimitse, kenako undilemberenso undiuze zimene wamva.