Za madzi akubafa aja

Eee msuweni, uthenga wako ndaumva... dikira ndisunthe, pano pali phokoso la chigayo. Eya. Ukufunsa ngati madzi osamba ndi ochapira ungathirire ndiwo kudimba. Iwe ndi dimba? Ku Matundo kuja dimbalo lili pati? Ine ndadziwa kale, ndi mayi a kuseri kwa mpanda aja, ayambanso kulalata chifukwa cha thope lochokera kubafa kwako. Usakane, amayi ako anandiuza.

Ukuwakumbukira amalume a ku Domwe? Osati a njinga aja, ayi, aakulu, a mlandu wa ng'ombe uja... tisauyambe. Titabwerako ku Dedza mu 1992... ayi, 1992 ndi pomwe nkhondo ya kuno ku Mozambique inatha, ife tinabwera chaka chotsatiracho. Iwo asanafolere n'komwe nyumba, anayamba kukumba dzenje kuseri kwa bafa, lofika m'chiuno. Pansi miyala, kenako mchenga wa kumtsinje, makala otsala pamoto, pamwamba mapesi ndi masamba ouma. M'mbali monse nthochi. Akazi awo kuseka, ati bamboyu akukumbira madzi manda. Kufika Okutobala, kwina konse kwauma gwaa, nthochi zawo zili biriwiri, mikoko kuichirikiza ndi mphanda. Ndiye ankakhala pakampando pomwepo, ati amene sanasambe pabafa pano nthochi asakhudze, sanasonkhe! Iwe unkasamba kawiri patsiku nthawi imeneyo, chikhalirecho sunabwerezenso, hahaha. Tsiku lina mlamu wawo anakhuthuliramo madzi otsukira mphika wa nkhumba, mafuta n'kumata mchenga wonse, madzi kuima, fungo, udzudzu. Amalume anaitanitsa banja lonse ngati pagwa maliro.

Ndimati chiyani... eya. Madziwo alowe pansi, asayende pamtunda. Dothi ndi limene limasefa, tizilombo ta m'dothi timadya litsirolo, mizu n'kumwa otsalawo. Yamba wakumba kadzenje, uthire ndowa imodzi madzulo. Ukapeza m'mawa madzi akadali pomwepo, dothi lako ndi lamakande, ndiye ukumbe ngalande yaitali m'malo mwa dzenje lakuya. Ngati pali chitsime pafupi, utalikire mamita 30. Pamene madzi akulowera ikapo kasaka kogwira nsenjere za nsima ndi mafuta. Ochapira matewera ndi a javel, mankhwala oyeretsera zovala aja, amenewo ayi, apite kuchimbudzi. Ndipo usati uziwasunga mumgolo, ndi kutentha kwa ku Tete kuja akangogona tsiku limodzi ayamba kununkha.

Za ndiwo zako zija, letesi, matimati, chilichonse chodya chosaphika, usathirire. Sopo waufa amasiyanso mchere m'dothi, ndiwo zanthete zimapserera. Bzala nthochi kapena papaya, madzi azipita kumizu, osakhudza chimene udye.

Ndiye wamva? Dzenje, miyala, mchenga, mapesi pamwamba, madzi asaoneke ndi maso. Akapanda kuoneka, mayi aja alibe pogwira, udzudzu ulibe poswanirana. Mphukira za nthochi ndikupatsira pa chapa, minibasi ya ku Ulongwe ija, Loweruka, koma khasu ugwire wekha, usatume ana. Kumba dzenje, iwe, madzi apite pansi. Ndipo uyankhe uthengawu, ndikuona kuti uli pa intaneti.