Mayi akufuna fulati yawoyawo ku Durban, ndiyambire pati?

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Umbilo ku Durban kuno. Mayi anga ali ndi zaka 66, anabwera kuno kalekale ndipo agwira ntchito ya m'nyumba kwa banja lina pa Berea zaka zambirimbiri, amagona konko mu kachipinda kakuseri. Pano mabwana aja agulitsa nyumba akutsatira ana awo kunja, nde awapatsako kandalama kowathokoza. Ine ndimati abwere tizikhala limodzi koma akukanitsitsa, akuti iwo sangamagone pabalaza ngati mlendo komanso kulera anamaliza. Ku Zomba akuti adzapita koma osati pano, mpingo wawo uli kuno, mankhwala a BP amalandira kuno. Ndi amphamvu ndithu, amaphika, kuchapa, kukwera taxi okha. Akufuna kafulati kakufupi ndi nyanja. Mapepala a permanent residence ali nawo. Pa Facebook ndinapeza fulati yotchipa koma mwini wake akuti nditumize kaye dipoziti ndisanaione chifukwa oifuna ndi ambiri. Ndiyambire pati? Komanso abale kumudzi sadzati ndataya mayi anga?

Wodandaula, Umbilo

Mwana wanga,

Choyamba ndalama ya pa Facebook ija musatumize olo R50. Fulati yomwe simunalowemo, simunatsegule mpopi wake, simunaone munthu wa makiyi maso ndi maso, imeneyo si fulati koma chithunzi. Akuba amatenga zithunzi za nyumba za eni nkuikapo mtengo wotsika, ndipo mawu awo ndi omwewo nthawi zonse, oti fulumirani ena akufuna. Ngati munthu akuti ndi agent mufunseni Fidelity Fund Certificate, chiphaso chomwe bungwe la PPRA limapereka kwa ogulitsa ndi kubwereketsa nyumba, wachilungamo sangakwiye ndi funso limenelo.

Tsopano za abale akumudzi. Ine ndili mbali ya mayi anu, ndipo ndikunena mosabisa. Munthu wakhala zaka zonsezi kuseri kwa nyumba ya eni, kudzuka pa nthawi ya eni, mlendo wake kuchita kumupemphera chilolezo kuti alowe pageti, lero akufuna chitseko choti kiyi wake azisunga yekha mu kachikwama. Chimenecho si chipongwe kwa inu ndipo inu kuwathandiza si kuwataya. Kutaya kholo ndi kusaliyendera, kusadziwa ngati ladya. Olankhula adzalankhula basi, koma sadzabwera kudzagona nawo pabalazapo.

Musanayambe kuzungulira mafulati khalani pansi awiri muwerenge ndalama, osati yomwe ali nayo lero koma yomwe izilowa mwezi ndi mwezi. Poti ali ndi permanent residence ndipo anapyola zaka 60, ali ndi ufulu wofunsira ndalama ya okalamba ku SASSA, bungwe la boma lopereka ndalama za chithandizo, amangoona kaye zomwe munthu amapeza ndi katundu yemwe ali naye. Ndalamayo ndi yopitirira pang'ono R2,000 pamwezi, ndiye mukuona nokha kuti payokha singalipire renti, magetsi ndi chakudya m'tauni ngati Durban. Chinanso, kandalama kowathokoza kaja mufufuze bwino kuti ndi ka chani. Lamulo la ntchito la ku South Africa limati munthu akachotsedwa ntchito chifukwa bwana sakumufunanso pa zifukwa ngati zimenezi, alandire malipiro osachepera a sabata imodzi pa chaka chilichonse chomwe wagwira, ndipo antchito a m'nyumba nawonso ali momwemo. UIF, thumba la boma lothandiza anthu omwe ntchito yawathera, nayonso inayamba kukhudza antchito a m'nyumba mu 2003, nde ngati mabwana ankadula ndalama ya UIF pa malipiro awo, mayi apite ku ofesi ya Labour msanga mabwanawo asanakwere ndege chifukwa pali mafomu ofuna siginecha yawo. Mphatso ndi mphatso, isalowe m'malo mwa zomwe lamulo linawapatsa kale.

Khomo loyamba kugogoda ine ndinganene kuti ndi la Tafta. Limeneli ndi bungwe losachita bizinesi lomwe lakhala likusamala za okalamba ku Durban kuyambira 1958, ndipo lili ndi nyumba zingapo mumzindamo, monga John Conradie House ndi Tafta Lodge cha ku South Beach, Kings Hall pa Samora Machel Street m'tauni, Oceanview House ku Musgrave ndi John Dunn House ku Wentworth. Anthu ambiri akangomva zoti nyumba ya okalamba amaganiza za mabedi ondandalika ndi anamwino, koma ayi, ambiri okhala m'nyumbazi ndi anthu odzidalira ngati mayi anuwa, ali ndi chipinda kapena kafulati kawo, amatuluka ndi kulowa mmene afunira. Kusiyana kwake nkoti oyandikana nawo ndi amsinkhu wawo, pageti pali chitetezo, pali a social worker, ndipo tsiku lomwe thupi lidzayambe kukana bungwe lomwelo lili ndi magawo osamalira ofooka, sayamba kusakasaka kuchokera pa ziro. Pamakhala mafomu, kucheza ndi social worker, komanso mndandanda wa odikira, nde lembetsani dzina pano pomwe olo mayi asanatsimikize, kukana malo atapezeka nkosavuta kusiyana ndi kuwafuna mwadzidzidzi.

Khomo lachiwiri ndi mafulati a social housing, omwe boma limathandizirapo kuti renti itsike. Ku Durban kuli mabungwe monga First Metro Housing ndi Sohco. Awa sikuti ndi a okalamba okha, mumakhala mabanja ndi ana ndi phokoso lawo, ndipo amalandira nzika kapena a permanent residence omwe ndalama ya pakhomo ili pakati pa R1,850 ndi R22,000 pamwezi. Renti imayendera zomwe munthu amapeza.

Mumvanso za life right, makamaka akangodziwa kuti mayi ali ndi kandalama m'manja. Apa dekhani. Life right ndi kulipira ndalama yambiri kamodzi kuti mukhale mu fulatiyo moyo wanu wonse, koma fulatiyo si yanu, simungaisiyire mwana, ndipo levy ya pamwezi, ndalama yosamalira malowo, mumalipirabe, yomwe imakwera chaka ndi chaka. Munthu akamwalira kapena kusamuka, ndalama yobwerera kubanja imatengera zomwe zinalembedwa mu kontirakiti, kwina amabweza yomwe munalipira atachotsapo zina, ndipo nthawi zambiri mpaka atapeza wina wolowamo. Lamulo loteteza ogula lilipo, Housing Development Schemes for Retired Persons Act ya 1988, koma silikuwerengerani kontirakiti ayi. Kwa munthu woti mtima wina uli ku Zomba, ine sindingalimbikitse kukwirira ndalama yonse pa chinthu chovuta kuchitulutsa. Achite lendi kaye, kandalamako kakhale ku banki.

Nanga zakufupi ndi nyanjazo? Ndikuwamvetsa mayi, msewu wa oyenda pansi wa m'mbali mwa nyanja uja, kuchokera ku Point kudutsa uShaka mpaka Blue Lagoon, ndi wosalala, wopanda zitunda, m'mawa mumadzaza agogo akuwongola miyendo, ndipo chipatala cha Addington chili pomwepo. Munthu wa BP kuyenda kumeneko ndi mankhwala. Koma South Beach, Point ndi Albert Park ndi madera oti nyumba iyi ndi yosamalika, yoyandikana nayo ndi yoti eni ake anaithawa kalekale, renti akutolera ndi anthu osadziwika, madzi ndi magetsi anadulidwa chifukwa cha ngongole ku khonsolo ya mzindawu ya eThekwini. Kunja zonse zimaoneka ngati nyumba zosanja basi. Ndiye musasankhe dera, sankhani nyumba yeniyeniyo.

Mukapita kukaona, mupite ndi mayi, ndipo mupite kawiri, masana komanso madzulo a Lachisanu kapena Loweruka la kumapeto kwa mwezi. Musayambe ndi kusuzumira pawindo kuona nyanja. Yambani ndi lifti. Mufunseni mlonda wa pageti, osati agent, kuti lifti inafa liti komaliza ndipo inatenga masiku angati, magetsi akazima pali jenereta kapena ayi, thanki ya madzi ilipo. M'nyumba zazitali madzi amakwera ndi pampu, magetsi akapita lifti yaima madzinso aima, nde taganizani mayi anu ali pa fulo ya nambala 9, chigubu cha malita 20 chili pansi, masitepe ali mumdima. Anthu a ku Durban sanaiwale madzi osefukira a mu April 2022 omwe anapha anthu oposa 400 nkuwononga mapaipi, madera ena ngati Tongaat anakhala miyezi mipopi ili gwa. Lero ali ndi zaka 66 masitepe akuthamanga nawo, koma fulatiyi tikufuna adzakhalemobe ali ndi 76. Fulo yoyamba kapena yachiwiri ndi yabwino kuposa yam'mwamba olo nyanja isaoneke.

Mukalowa mkati tsegulani wadiropu mununkhize. Mphepo ya kunyanja imabwera ndi chinyezi ndi mchere, mukamva kafungo ka chuku kapena kuona madontho akuda pakona ya denga ndi kuseri kwa chitseko cha kubafa, dziwani kuti zovala za kutchalitchi ndi zitenje zawo zidzachita chimodzimodzi, chifuwa nachonso sichidzawatha. Penti watsopano pakhoma limodzi lokha ndi wofunika kumufunsa. Gwedezani mabagala a pawindo muone ngati dzimbiri silinawadye kunsi. Kubafa, shawa yolowa choyenda ndi yabwino kuposa bafa lija lofuna kukweza mwendo, okalamba ambiri amagwera pomwepo nkuthyoka chiuno, ndipo funsani ngati landilodi angalole kukhoma chitsulo chogwirira. Magetsi akhale a mita ya mayunitsi kuti azidziwa okha mmene akuthera.

Kenako tulukani muyende wapansi ndi mayi, pa liwiro lawo, kuchoka pageti kukafika pokwerera taxi, ku shopu, ku kiliniki. Berea ndi Musgrave ndi kokongola koma ndi zitunda, amazidziwa okha. Muonenso kuti kuchoka pamenepo kupita kumpingo kwawo ndi kwa inu ku Umbilo ndi ma taxi angati. Fulati ya ku Glenwood kapena Umbilo komweko yoti mdzukulu atha kuthamangirako ndi kambale ka ndiwo ikhoza kuposa ya kunyanja yoti mumafikako kamodzi pamwezi. Kunyanja adzapita Loweruka. Ndipo tisanamizane, ndife alendo m'dziko la eni, ziwawa za mu 2015 zomwe boma la Malawi linachita kutumiza mabasi kukatenga anthu zinayambira ku Durban komweko. Mayi akhale pamalo poti oyandikana nawo akuwadziwa dzina, ndipo pali wina wosunga nambala yanu.

Mukagwirizana ndi landilodi zonse zilembedwe. Rental Housing Act ya 1999 imati dipoziti isungidwe ku akaunti yopeza chiwongoladzanja, muyendere fulatiyo limodzi musanalowe nkulemba chilichonse chowonongeka, jambulani ndi foni, ndipo potuluka ngati palibe ngongole kapena chowonongeka dipoziti ibwezedwe pasanathe masiku 7. Lisiti ya renti azisunga mwezi uliwonse. Pakavuta pali Rental Housing Tribunal ya KwaZulu-Natal, bwalo lomva madandaulo a alendi ndi eni nyumba, kudandaula kumeneko ndi ulere, ndipo landilodi alibe mphamvu yosintha loko kapena kutulutsa katundu popanda chigamulo cha khoti. Kontirakitiyo ikhale m'dzina la mayi, inu mungosainira ngati wothandiza kulipira.

Azakhali,

Bambo anga ali ndi zaka 72 ali ku Nkhata Bay, mayi anatisiya chaka chatha. Ine ndili ku Durban pa work permit. Ndikufuna ndiwapezere kachipinda kufupi ndi nyanja poti anazolowera madzi, azikhala kuno. Zingatheke?

Mnyamata wa ku Bluff

Achimwene,

Pepani ndi maliro a mayi. Mtima wanu ndi wabwino koma mapepala sakukulolani, ndipo ndibwino ndikuuzeni lero musanawononge ndalama. Pasipoti ya Malawi imawapatsa masiku 30 okha ngati mlendo. Akapyoza amaletsedwa kulowanso, chaka chimodzi ngati apyoza ndi masiku osaposa 30, zaka 5 ngati aposa pamenepo. Relative's visa, yomwe ndi visa ya wachibale, imafuna kuti inuyo mukhale nzika kapena wa permanent residence komanso muonetse R8,500 pamwezi yowasamalira, work permit siyikwana. Visa ya opuma pantchito imafuna penshoni kapena ndalama yolowa ya R37,000 pamwezi malinga ndi malamulo a 2014. SASSA ndi social housing sangazipeze. Musamvere aliyense wokuuzani kuti adzawakonzera mapepala pakhomo lakuseri, munthu wa zaka 72 asakhale wothawa apolisi.

Komanso bambo mwawafunsa? Ku Nkhata Bay ali ndi anzawo a pabawo, manda a akazi awo ali pomwepo, akatuluka panja aliyense amawapatsa moni m'Chitonga. Ku Bluff inu muzichoka m'mawa kubwera usiku, iwo ali okha m'chipinda, Chizulu sakuchidziwa. Ndalama ya renti ya ku Durban ya miyezi yochepa ikhoza kukonza denga la kwawo, kuika sola, kumanga chimbudzi chapafupi chokhala ndi pogwira, nkulipira mdzukulu kapena munthu wodalirika wowaphikira ndi kuwaperekeza kuchipatala. Aitaneni adzacheze milungu itatu nyengo yozizira ya June kapena July pomwe Durban sikutentha kwambiri, tikiti yobwerera ili m'manja, akaone okha mmene mumakhalira kenako mukambirane.